Mafunso a Awerengi: Kukhoma Boti la Mapanelo Pakhomo

Makalata a ulendo uno achuluka pa nkhani imodzi. Mitengo ikuluikulu yosema bwato ikusowa, matabwa a mlombwa adula, ndiye anthu a m'mbali mwa nyanja akufunsa za maboti okhomedwa ndi mapanelo. Ena ayamba kale ntchito ndipo zawavuta pakati. Mafunso ofanana tawaphatikiza.

Ndine kalipentala wa zitseko ndi makabati. Ndamva kuti boti likhoza kupangidwa ndi mapanelo popanda nthiti zambiri ndi misomali. Panelo lake ndi lotani, ndipo zida zangazi zingakwanire?
*Kalipentala, Nkhotakota*

Bambo, nzeru yake mumaidziwa kale, kungoti mumaigwiritsa ntchito pa chitseko cha fulashi. Kunja kuli timabodi tiwiri topyapyala, mkati muli mopepuka, koma chitsekocho simungachipinde ndi manja. Mukamatula mbali imodzi chimangoti lobodo. Panelo la boti lili chimodzimodzi: zikopa ziwiri za nsalu ya faiba yonyowetsedwa ndi utomoni, pakati pake pali mtima wopepuka. Zikopa ndizo zimanyamula katundu. Ntchito ya mtima ndi kuzitalikitsa ndi kuzigwira kuti zisatsetserekane. Mukawirikiza kukhuthala kwa mtima, panelo limauma khosi pafupifupi kanayi pomwe kulemera kwangokwera pang'ono. Koma chikopa chikangolekana ndi mtima, mphamvu yonseyo yatha, ndipo mavuto ambiri amene muwerenge m'munsimu gwero lake ndi limeneli.

Mtima ukhoza kukhala plywood wa m'madzi, thovu lolimba la PVC monga Divinycell kapena Airex, mtengo wopepuka wa balsa, kapena pulasitiki ya timabowo ngati chisa cha njuchi. Kuli mapanelo ogulitsidwa atamatidwa kale, monga a DuFlex ochokera ku Australia, a mamilimita 1200 ndi 2400. Njirazi si zatsopano. Kaboti ka Mirror, ka Jack Holt ndi Barry Bucknell, kanatuluka ku Britain mu 1962, ndipo anthu wamba akhoma timabotito toposa 70,000, tambiri ta plywood wosokedwa ndi waya. Mu 1966 Derek Kelsall anapambana mpikisano wozungulira Britain ndi Toria, boti la mtima wa thovu.

Kwa inu tikuti yambani ndi plywood. Sowo, puleni, dirilo, makilampu ndi sandipepa zomwe muli nazo ndi zokwanira. Muonjezerepo sikelo ya digito yoyeza mpaka gilamu imodzi, magolovesi ndi chotseka pamphuno. Plywood amakhululuka mukalakwitsa, amagwira sikuluwu, ndipo mwala ukamugunda sabooka msanga ngati chikopa chopyapyala cha pa thovu.

Samalani pogula. Wabwino amakhala ndi chidindo cha BS 1088, koma chidindo chokha musachikhulupirire. Yang'anani m'mphepete: magawo akhale ofanana kukhuthala, opanda mphako, ndipo shiti ya mamilimita 6 ikhale ndi magawo 5. Dulani tizidutswa, muwiritse m'poto kwa maola angapo, muyanike padzuwa, muwiritsenso, mpaka katatu. Tikamasuka, plywood ameneyo ndi wa makabati. Wa mashatala a konkire, wa nkhope yakuda yoterera, utomoni sugwirapo.

Chinanso: shiti imapindika mbali imodzi yokha, ngati lata. Simungaiumbe mimba yozungulira ya boti la matabwa. Boti la mapanelo limakhala ndi makona, choncho pezani pulani yojambulidwira mapanelo, ndipo musanadule shiti yodula ija yesani kaye pulaniyo ndi katoni, sentimita imodzi kuimira masentimita 10.

Ndatsala ndi mapanelo a aluminiyamu okutira mashopu, komanso ndingapeze a m'zipinda zozizira, aja a malata uku ndi uku, pakati kaylite. Sangapange boti?
*Wowotcherera zitsulo, Lilongwe*

Ayi achimwene, musakwezemo munthu. A aluminiyamu aja zikopa zake sizidutsa theka la milimita, pakati pali pulasitiki ya polyethylene imene guluu sagwira. Makona ake mungowalumikiza ndi marivetsi ndi silikoni, ndipo funde lililonse likhala likukulitsa timabowo ta marivetsiwo mpaka chikopa ching'ambike. A m'zipinda zozizira lata lake limachita dzimbiri pomwe mwadula, ndipo kaylite ndi timikanda tongogwirana. Boti likamamenya mafunde timikandato timasiyana, lata limatsala lokha. Dziwaninso kuti utomoni wa polyester umasungunula kaylite nthawi yomweyo. Mapanelo anuwo pangirani bokosi la ayezi losungira nsomba, kapena denga la mthunzi. Pamenepo agwira bwino ntchito.

Pulani ndapeza, ya boti la mamita 4.5, ndipo plywood ndagula. Tandiuzeni ndondomeko yake ya kusoka ndi kumata, kuyambira poyamba.
*Mphunzitsi, Nkhata Bay*

Aphunzitsi, yambani ndi malo: pansi posalala, pamthunzi, posafika mvula ndi fumbi. Plywood akhale wouma. Wanyowa utomoni sulowa.

Shiti ndi yaitali mamilimita 2440, boti lanu ndi 4500, ndiye mulumikiza ziwiri. Sendani mapeto a shiti zonse motsetsereka, kutalika kwa chitsetserekocho kukhale kasanu ndi katatu kukhuthala kwake: mamilimita 48 pa shiti ya 6, mamilimita 72 pa ya 9. Sanjikizani mashitiwo ngati masitepe, musende pamodzi ndi puleni. Mizere ya guluu wa mkati ikamaoneka yowongoka ndi yotalikirana mofanana, mwasenda bwino. Pakani utomoni wa epoxy wosakaniza ndi hadena yekha (mankhwala ouumitsa), wopanda utuchi, mbali zonse, mudikire ulowe, mupakenso pomwe pauma, kenako muikepo phala la utomoni ndi kupsinja. Anthu ambiri amadumpha kupaka koyambako. Mtengo umayamwa utomoni wa m'phalalo, mfundo imatsala youma, n'kudzathyoka popinda. Musapsinje kwambiri: epoxy amafuna atsale pakati, si guluu woyera wa mipando. Yalani pulasitiki pansi ndi pamwamba kuti zisamatirire.

Jambulani mizere ya pulani pokhoma timisomali pa miyeso ndi kupindira kathabwa kopyapyala, katali, pa timisomalito. Pomwe kathabwa kakukana kudutsa bwino, mwalakwitsa muyeso, bwererani. Mbali ya kumanja ndi ya kumanzere muzidule pamodzi zitasanjikizana kuti zifanane.

Boolani timabowo ta mamilimita 2 kapena 3, pa mtunda wa sentimita imodzi kuchoka m'mphepete, totalikirana masentimita 15, ndipo kumutu kumene kukupindika kwambiri masentimita 7. Sokani ndi waya wa kopa wosenda m'makebulo akale a magetsi, kapena timalamba ta pulasitiki tomangira mawaya. Poyamba zonse zikhale zolekerera. Lowetsani thabwa la kumbuyo ndi makoma a mkati, kenako mumange pang'onopang'ono, kuno kamodzi uko kamodzi. Kampata ka mamilimita 2 kapena 3 pakati pa mapanelo sikoipa, phala lidzadzaza. Choipa ndi panelo kukwera pa linzake.

Apa imani, musathamangire utomoni. Gonekani timatabwa tiwiri towongoka mopingasa, kena kutsogolo kena kumbuyo, muime patali muyang'ane ngati tikufanana. Yezani kuchokera pamphuno ya boti kufika pa kona iliyonse ya kumbuyo; miyeso iwiriyo ikhale imodzi. Boti lopotoka lidzakokera mbali imodzi moyo wake wonse, ndipo utomoni ukauma palibenso kuwongola.

Phala lomatira makona ndi epoxy wosakaniza ndi utuchi wosefa bwino, uja wotuluka pa makina a sandipepa, kuthirako silika pang'ono ngati alipo. Likhale ngati chiponde: mukatukula kamtengo lisagwe. Ikani pang'onopang'ono pakati pa mawaya, mawa lake muzule mawayawo. Wokanirira mutenthetse nsonga yake, atuluka. Tsopano dzazani kona yonse, mukoke ndi kathabwa kozungulira nsonga ngati supuni ya tiyi, ndipo zotsalira m'mbali muzichotse zisanaume, chifukwa zikauma ndi tsiku lathunthu la sandipepa.

Phala likayamba kugwira koma chala chikadinda, yalani tepi ya faiba ya magilamu 400 pa sikweya mita, ya masentimita 15 mulifupi. Yabwino ndi ija ulusi wake umadutsa mopingasa mbali ziwiri, chifukwa ulusi wonse umawoloka mfundo. Nyowetsani mpaka iwonekere ngati galasi. Poyera ndiye kuti pauma kapena pali mpweya. Pa msana wa boti ndi pozungulira thabwa la kumbuyo ikani matepi awiri, wachiwiri wopitirira woyamba masentimita angapo, kuti mapeto awo asakumane pamzere umodzi.

Mukatembenuza boti, zunguliritsani makona a kunja ndi puleni, akhale ngati chala chanu. Faiba siyenda pa kona yakuthwa, imadzuka n'kusiya mpweya pansi. Matani tepi kunjanso, kenako kutani thupi lonse ndi nsalu ya magilamu 200 mpaka 300. Kokani utomoni ndi kapulasitiki kosalala kuchokera pakati kupita m'mbali, mpaka maso a nsalu aziwoneka. Utomoni wochuluka suwonjezera mphamvu, umangoyandamitsa nsalu. Pakaninso kawiri kuti maso a nsaluwo akwiririke. Mkati monse, ngakhale mosaoneka, mupake katatu, makamaka m'mphepete mwa plywood momwe mumayamwa madzi ngati bango. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, ndiye mulibe mbozi zoboola matabwa za kunyanja ya mchere, koma amawoletsa mtengo msanga.

Epoxy wanga anatentha m'kapu, n'kuyamba kufuka utsi ndi kuuma ndisanathe kupaka. Tsiku lina ndinachepetsa hadena kuti achedwe, ndiye patha sabata akadali nyatanyata. Kodi ndinagula wachabe? Kapena ndisinthe ndigule polyester wotchipa uja?
*Wokonza maboti, Mangochi*

Bambo, utomoni ulibe mlandu. Epoxy akamauma amatulutsa kutentha, ndipo kutenthako kumamufulumizitsa. Akaunjikana m'kapu yakuya kutentha kulibe kothawira. Kutentha kwa kunja kukakwera ndi madigiri 10, nthawi yogwirira ntchito imatsika ndi theka, ndiye kwanuko mu Okutobala, masana a madigiri 35, mphindi 20 zolembedwa pachitini zimasanduka 10. Sakanizani pang'ono, magilamu 150 mpaka 200, mutakase mphindi 2 mukupala m'mbali ndi pansi, kenako muthire msanga m'mbale yafulati. Zitini zikhale pamthunzi, ngakhale m'beseni la madzi ozizira. Pogula funsani hadena wochedwa. Pa epoxy wa mtundu wa West System, mwachitsanzo, 206 ndi wochedwa ndipo 209 ndi wochedwetsetsa, wopangidwira malo otentha. Kapu ikayamba kufuka itulutseni panja pa mchenga, utsiwo musaupume.

Kuchepetsa hadena ndiko kunakupwetekani. Mu epoxy mbali ziwirizo, utomoni ndi hadena, zimagwirana ngati zibwenzi zowerengeka: mukachepetsa imodzi, ina imatsala yopanda mnzake ndipo siidzauma. Mukachulukitsa, chimodzimodzi. Tsatani muyeso wa pachitini, kaya 5 kwa 1 kaya 2 kwa 1, ndipo muone ngati akunena za kapu kapena za sikelo, chifukwa sizifanana: wa 2 kwa 1 pa kapu nthawi zambiri amakhala pafupi ndi 100 kwa 44 pa sikelo. Wanyatanyata uja mupale yense, mutsuke ndi acetone, mukwechese ndi sandipepa, muyambirenso. Kupaka wina pamwamba pake n'kumanga pa matope.

Pali zina ziwiri zomwe mukumana nazo. Mukapaka mtengo m'mawa dzuwa likukwera, mpweya wa mkati mwa mtengo umafufuma n'kutulutsa timatuza. Kupaka koyamba kuzikhala madzulo, kukuzizira. Ndipo kunja kukakhala chinyezi, epoxy wouma amatuluka kamafuta pamwamba ngati sera. Penti kapena utomoni wina sugwira pamenepo. Tsukani ndi madzi ndi siponji yokhakhala, osati thinazi, mupukute, kenako sandipepa wa nambala 80.

Za polyester: pa thovu la PVC amagwira ntchito bwino, ndipo maboti ambiri a faiba omwe mumawaona ndi a polyester. Pa plywood sitikulimbikitsa. Sagwira mtengo mwamphamvu, ndipo mtengo ukamafufuma ndi kunyala chikopacho chimadzasendeka, madzi n'kubisala pansi pake. Polyester amaumitsidwa ndi mankhwala otchedwa MEKP, magilamu 1 mpaka 2 pa magilamu 100 aliwonse, ndipo apa ndi pomwe mungachepetse kukatentha, koma osatsika pa 1. MEKP akagwera m'diso akhoza kulipha, valani magalasi. Ndipo asakhudzane ndi mankhwala a cobalt ofulumizitsa polyester ali okhaokha, zimaphulika. Kumbukirani kuti epoxy amagwira pa polyester wouma, koma polyester sagwira bwino pa epoxy. Nsalu ya faiba ya ulusi womwazika anaipangira polyester. Ndi epoxy gwiritsani yolukidwa kapena yosokedwa.

Manja musasambe ndi acetone, amalowetsa mankhwala m'khungu. Pukutani ndi viniga, kenako sopo. Thupi likangoyamba kudana ndi epoxy, zotupa ndi kuyabwa zimabwera nthawi iliyonse mwamuyandikira, ndipo sizitha.

Ndiitanitsa zipangizo kuchokera ku Johannesburg kudzera mwa mlamu wanga. Sindifuna ziperewere. Ndiwerengere bwanji utomoni?
*Wabizinesi, Salima*

Lamulo lake n'lapafupi, bambo: nsalu yolukidwa imadya utomoni wolemera ngati iyo yomwe, pomwe ya ulusi womwazika imadya kawiri kapena kawiri ndi theka. Kupaka kumodzi pa mtengo kumadya magilamu pafupifupi 150 pa sikweya mita.

Titenge boti la mamita 4.5 lomwe kunja kwake ndi masikweya mita 10. Nsalu ya magilamu 300 idya makilogalamu 3, mtengo uyamwa 1.5, kupaka kawiri kokwirira nsalu 3. Mkati, pamodzi ndi mipando ndi makoma, tinene masikweya mita 14 kupaka katatu, pafupifupi 6. Tepi ya mamita 40 idya 2.5, phala la m'makona ndi zomata zina 3. Zakwana 19. Onjezerani zotsalira m'makapu ndi m'maburashi, mugule makilogalamu 22, kuwerengera utomoni ndi hadena pamodzi. Boti loyamba limadya kuposa lachiwiri. Nsalu ibwere yokulungidwa pa mpukutu, m'pulasitiki. Ikanyowa kapena kudetsedwa ndi mafuta m'njira, yatha ntchito.

Ndikufuna boti lopepuka lonyamula alendo okaona nsomba pa zilumba. Mapanelo a thovu ndingapange ndekha? Mnzanga lake linatupa pansi ngati chithuza patangotha chaka.
*Woyendetsa alendo, Cape Maclear*

Mungapange, achimwene, ndipo phindu lake likuoneka pa sikelo. Thovu la mamilimita 10 la mtundu wa H80, kutanthauza makilogalamu 80 pa kiyubiki mita, limalemera magilamu 800 pa sikweya mita. Nsalu ya magilamu 600 mbali iliyonse ndi utomoni wake ndi makilogalamu 2.4, phala lotsekera maso a thovu 0.6. Zonse 3.8. Plywood wa mtengo wa okoumé wa mamilimita 9 wokutidwa amafika pafupifupi 5.5.

Konzani tebulo lalitali kuposa boti, pamwamba pa fomaika kapena melamine, mupake sera yoletsa kumatirira kanayi kapena kasanu. Yalani nsalu, munyowetse. Thovu mulipake kaye phala lopyapyala ngati uchi, magilamu pafupifupi 300 pa sikweya mita, kuti timabowo todulidwa ta pamwamba pake tidzaze. Liboolenso ndi msomali pa masentimita 5 aliwonse kuti mpweya upeze potulukira. Ligonekeni pa nsalu yonyowayo, muyale pulasitiki, mupsinje paliponse ndi matumba a mchenga. Wotha kutseka zonse m'pulasitiki n'kukoka mpweya ndi kompuresa ya firiji yakale amapeza panelo labwino koposa. Panelo la zikopa ziwiri silipindika kwenikweni, choncho la pomwe pakupindika limatuluka patebulo ndi chikopa chimodzi, chachiwiri mumaika litakhala kale pa malo ake. Makona amamatidwa ngati a plywood, ndi tepi yolemera mofanana ndi chikopa, mkati ndi kunja.

Chithuza cha mnzanuyo ndi chikopa cholekana ndi mtima. Zifukwa zake kawirikawiri ndi zitatu: sanapake phala pa thovu, mpweya unatsekeredwa pomata, kapena madzi analowa pa bowo la sikuluwu kapena pomwe mwala unagunda, ndiye boti likamamenya mafunde madziwo amakankhidwa ngati pampu n'kumasenda chikopa. Gogodani thupi lonse ndi ndalama yachitsulo. Pabwino pamalira kuti ngwe, polekana pamalira kuti phu. Zungulizani ndi pensulo, dulani chikopacho, chotsani thovu lonyowa, muumitse, mulowetse lina, musende m'mbali mwa chikopa chakale motsetsereka, kutalika kwake kakhumi ndi kawiri kukhuthala kwake, muyale nsalu yatsopano.

Kwanuko n'kwa miyala. Chikopa cha magilamu 600 n'chokwanira m'mbali, koma pansi chikhale 1200 kapena kuposa, ndipo pa msana, masentimita 15 uku ndi uku, pasakhale thovu ayi, pakhale faiba yokhayokha. Balsa musiyeni, akamwa madzi amawola.

Injini yanga ndi Yamaha 15. Thabwa la kumbuyo likhale lotani? Nanga mabawuti a mipando ndi mphete ya nangula ndingomanga pa panelo?
*Msodzi, Senga Bay*

Injini imeneyo imalemera pafupifupi makilogalamu 37, ndipo imakankha pansi ikukoka pamwamba. Matani mashiti awiri a mamilimita 18 akhale 36, nsalu mbali zonse, ndi mikono iwiri ya thabwa yochirikiza kuchokera pa thabwalo kupita pansi pa boti. Thovu wamba lisakhale pamenepo, makilampu a injini aliphwanya. Kutalika kwake kutengera mwendo wa injini: waufupi mamilimita 381, wautali 508. Pa nyanja yathu sankhani wautali ngati mungathe, thabwa lalitali limatchinga funde lochokera kumbuyo. Pamwamba pa thabwa ndi pomwe kuwola kumayambira, pakuteni ndi nsalu, ndipo pomwe makilampu amaluma ikani kambale ka aluminiyamu.

Bowo lililonse pa panelo ndi khomo la madzi. Pa bawuti ya mamilimita 6 boolani 12, mutseke kunsi ndi tepi, mudzaze phala la epoxy. Likauma boolani 6 pakati pake. Tsopano bawuti ikudutsa mu epoxy yekhayekha, ndipo mukamanga natiyo sikuphwanya mtima. Pa thovu kumbaninso mtima mozungulira bowolo ndi msomali wopindika womangidwa pa dirilo musanadzaze. Kuseri kwa mphete ya nangula ikani thabwa kapena chitsulo chachikulu ngati chikhatho. Mabawuti akhale osachita dzimbiri, ndipo pomanga pakani chomatira cha polyurethane monga Sikaflex, osati silikoni, chifukwa pomwe pakhudza silikoni penti ndi utomoni sizidzagwiranso.

Ndilipake penti yanji? Ndimafuna yabuluu wakuda.
*Wophunzira ntchito zamanja, Karonga*

Buluuyo akhale mzere chabe, thupi lonse likhale loyera kapena lotuwa. Epoxy woumira pa kutentha kwa panja amayamba kufewa pa madigiri 50 mpaka 60, ndipo penti yakuda pa dzuwa la kwanuko imadutsa pamenepo. Pa thovu n'zoopsa kwambiri chifukwa kutentha kulibe kopita. Penti ndi yofunika ndithu, dzuwa limadya epoxy wosapaka mpaka achite chikasu ndi kufumbutuka. Poti boti lizikokedwa pa mchenga tsiku ndi tsiku, matani timatabwa tiwiri kapena titatu ta mtengo wolimba pansi pake, toti tizidyeka m'malo mwa nsalu, ndipo muzitisintha tikatha.

Ndili ndi alovi anayi ndipo ndikufuna kuwagulira boti lotereli. Akuti silimira. Ndi zoona? Mwera ndimauopa.
*Mwini zida za usodzi, Makanjira*

Mayi, mukuchita bwino kuuopa. Mwera umachokera kummwera chakum'mawa, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo umayenda motsata kutalika kwa nyanja, yomwe ndi makilomita oposa 550, ndiye mafunde amakhala ndi mtunda wokulira. Boti lopepuka limathamanga ndi mafuta ochepa, koma mphepo imalikankha msanga ndipo limadumphadumpha kuposa la matabwa. Pulani yojambulidwira damu kapena mtsinje isapite pakati pa nyanja. Funani ya mutu wautali, mbali zazitali, ndipo katundu wolembedwa pa pulaniyo asapitirire. Chilimira chonyowa ndi usipa wake n'zolemera.

Zoti silimira n'zoona theka. Thupi lokha limayandama, koma injini, nangula ndi anthu zikhoza kulimiza, kapena liyandama chadodolido, alovi n'kusowa pogwira. Chofunika n'chakuti likadzaza madzi likhalebe chilili, m'mphepete muli pamwamba, kuti athe kukapa. Lita imodzi ya mpweya wotsekeredwa imanyamula kilogalamu imodzi. Werengani injini 37, nangula ndi zitsulo zina 20, ndi theka la kulemera kwa munthu aliyense, tinene 35 kuchulukitsa 4, ndiwo 140. Zonse zikuyandikira malita 200. Amenewo ndi mabotolo 100 a malita 2, otsekedwa bwino, kapena thovu lotseka maso, osati siponji ya matiresi yomwe imamwa madzi. Zitsekeredwe m'mabokosi a pansi pa mipando, kumutu, ndi m'makona onse awiri a kumbuyo komwe kuli injini. Zikhale m'mbali ndi m'mwamba. Zikakhala pansi penipeni zokha, boti lodzaza madzi limagudubuka. Bokosi la mpweya wokha, lopanda mabotolo, limadalira kuti lisabooke, ndipo likhale ndi kachitseko kotsegula likakhala pamtunda kuti muziuma.

Musalipire ndalama yomaliza musanaliyese. Lipite pa madzi ofika m'chiuno, tsiku la bata. Injini ichotsedwe, m'malo mwake amangepo miyala yolemera chimodzimodzi. Alidzaze madzi ndi ndowa mpaka asefukire, alovi anayiwo alowemo akhale pansi. Likapendekera kumbuyo, mabotolo awonjezedwe kumbuyoko. Likafuna kugudubuka, akwezedwe m'mbali. Ayesenso kukapa aone ngati madzi akutsika. Likapambana, kalembetseni ku nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi kuti aliyendere, makamaka ngati lidzanyamulenso anthu, ndipo mugule majekete oyandamitsa anayi. Ndowa yokapira ikhale yomangidwa ndi chingwe ku mpando wapakati, chifukwa funde loyamba kulowa m'boti ndi lomwe limaitenga.